Zakuda poyankha 1.d4: musankhe opening iti?

Funso ndi lakuti pa chess mukakhala ndi zakuda mnzanu n'kuyamba ndi 1.d4 (kukankha pawn ya kutsogolo kwa queen mabokosi awiri), mudalire opening iti, kutanthauza mamove oyambira gemu. Ine ndimati chitani chonchi.

Choyamba dzifunseni kuti mumakonda gemu yotani. Ngati ndinu wofatsa tengani Queen's Gambit Declined, 1.d4 d5 2.c4 e6, kenako Nf6 (knight pa f6), Be7 (bishop pa e7), castle (kubisa mfumu pakona) basi, simufa msanga. Akatswiri a chess Capablanca ndi Alekhine anaisewera pafupifupi gemu iliyonse pa mpikisano wawo wa 1927. Vuto ndi bishop wa pa c8, amatsekeredwa ndi pawn yanu yomwe ya pa e6, ndiye muzisaka mpata wa b6 ndi Bb7 kuti apume. Zikakunyansani sewerani Slav, 2...c6, bishop amatuluka bwinobwino pa f5.

Okonda ndewu pali King's Indian, Nf6, g6, Bg7, d6, mumamusiya mnzanu atenge pakati kenako mumamenya e5 ndi f5 kulunjika mfumu yake, koma theory yake, mamove ofunika kuloweza, ndi yambiri zedi ndipo mukachedwa pang'ono amakuswani mbali ya queen. Oyamba kumene ndimati ayidikire kaye.

Chachiwiri sankhani imodzi yokha, osadumphadumpha.

Kenako konzekerani London System, pomwe wa zoyera amasewera 2.Bf4, chifukwa pa intaneti muzikumana nayo daily. Menyani c5 msanga kenako Qb6, pawn ya pa b2 ija imakhala yopanda mlonda.

Mukatero sewerani magemu ngati 30 pa Lichess, webusaiti yosewererapo chess, iliyonse muzibwerera kuona move yomwe munasochera.