Momwe mungadziwire mtundu wa bodi ya Commodore 64 musanagule chipi

Kompyuta ya Commodore 64 inatuluka mu 1982, koma bodi ya mkati mwake, pamene pamakhala machipi, inasinthidwa kangapo. Maonekedwe akunja asakupusitseni. Ma C64C ena, omwe ndi mtundu wopyapyala wa makinawa, ali ndi bodi yaitali, pomwe makina ena okhala ngati akalekale ali ndi yaifupi. Ndi bwino kutsegula n'kudzionera nokha.

Yambani ndi kuzula mawaya onse. Tembenuzani makinawo, mumasule masikuluwu atatu a chakutsogolo. Chivundikiro mutukule mosamala, chifukwa timano ta pulasitiki takumbuyo sitichedwa kuthyoka pa makina okalamba chonchi, komanso waya wa kiyibodi ndi wa kanyali kosonyeza kuti makina ayaka amakhala akadali olumikizidwa.

Kenako fufuzani pabodipo pamene alemba ASSY NO. Mukapeza 326298, muli ndi ya 1982, ndipo polowetsa waya wa zithunzi pali mabowo 5 okha. Ya 250407 ndi ya 1983: mabowo 8, machipi a RAM 8. Ya 250425 inabwera mu 1984, ndipo ndiyo yoyamba kukhala ndi kachipi ka 8701. Pa 250466 ya 1986 machipi a RAM anatsala awiri. Yomaliza, 250469 ya 1987, ndiye yaifupi ija.

Nambalayi ndi yofunika kwambiri pogula SID, chipi cha mawu. Mabodi aatali amagwiritsa ntchito 6581, chimene chimafuna 12V. Yaifupi imafuna 8580, cha 9V. Miyendo yake ndi yofanana, ndiye chilichonse chimalowa bwinobwino pamalo pa chinzake, ndipo ambiri amagwa m'mbuna pomwepa. Mukaika 8580 pabodi ya 12V, mwachiwotcha, ndipo zipangizozi anasiya kalekale kupanga. Ngakhale mutakonza za magetsizo, ma capacitor a fyuluta amasiyananso: 470pF pa mabodi ambiri a 6581, 22nF pa 8580. Ine ndimakonda kulira kwa manzenene kwa 6581, koma sindingasokoneze bodi yaifupi chifukwa cha icho. Chipi cha zithunzi nachonso musachisinthanitse: 6569 ndi cha yaitali, 8565 cha yaifupi.

Mukatseka, musathamangire kuyatsa. Yezani kaye ndi mita ngati adaputala yakale ya magetsi ya makinawa ikutulutsadi 5V. Zambiri zikakalamba zimakweza magetsi, ndipo oyamba kupsa amakhala machipi a RAM.