Momwe mungakonzekerere ulendo wa ku Joni pa galimoto yolumikiza nokha

Kuno ku Mangochi ulendo wa ku Joni si wachilendo, pakuti mabanja ambiri ali ndi mwana kapena mlamu amene anakwerapo basi ya kumeneko. Koma kunyamuka pa galimoto imene mwailumikiza nokha, chiwalo ndi chiwalo, kumafuna makonzedwe ena. Ndikunena za kit car: mumagula chasisi ndi bodi, kenako injini, giyabokosi ndi mabuleki mumachotsa ku galimoto zina. Yotchuka ndi Caterham Seven ya ku England, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1973 kampaniyo itagula ufulu kwa Lotus. Ku South Africa kuli yofanana nayo ya Birkin, komanso ma beach buggy okhala pa chasisi ya Volkswagen Beetle. Zimene ndalemba pano zithandizanso amene munaika injini ya Toyota mu Land Rover yakale.

Galimoto yotere ilibe sitolo yake kutsidya kwa malire. Woidziwa ndi inu nokha, ndipo wapolisi wa ku Tete aikhulupirira poona mapepala basi.

1. Yambani ndi mapepala, sipanala pambuyo

Tengani tochi, pezani nambala ya chasisi ndi ya injini pa chitsulo penipeni, muziwerenge chilembo chimodzichimodzi mukuyerekeza ndi zolembedwa pa bluu buku. Pa galimoto yolumikiza apa ndiye pamakhala vuto, chifukwa injini inachokera kwina ndipo mwina buku likadali ndi nambala ya injini yakale. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kungakugonetseni pa boda. Pitani ku Road Traffic akakonze zolembazo, mutengenso COF (chikalata chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) yoti isathe mphamvu muli kunja. Ngati manambalawo ali pobisika, pukutani malowo bwino ndi kuwajambula pa foni.

Mukatero pezani kalata ya apolisi a Interpol yotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa. Malisiti a injini ndi ziwalo zikuluzikulu muwanyamulenso. Ngati bluu buku ili m'dzina la bambo anu kapena achimwene, mufunika kalata yawo yokulolezani kutuluka nayo m'dziko, yodindidwa ndi loya kapena kupolisi.

Inshulansi yanu ya ku Malawi imathera pa malire. Kampani ya inshulansi ingakugulitseni Yellow Card ya COMESA, imene imagwira ntchito ku Zimbabwe, Zambia ndi Tanzania, koma Mozambique sali m'gulu limeneli, choncho yakumeneko mumagula pa boda. Chilichonse, pamodzi ndi pasipoti ndi layisensi, chitani fotokope katatu.

2. Lembani kumene chiwalo chilichonse chinachokera

Gawo ili ambiri amalinyalanyaza, pomwe ndi limene lingakupulumutseni kwambiri. Mukalowa m'sitolo ya ziwalo ku Harare n'kunena kuti mukufuna pampu ya madzi ya kit car, wogulitsa angokuyang'anani. Mukanena kuti ndi ya Toyota Corolla ya injini ya 4A, akutulutsirani nthawi yomweyo. Ndiye gulani kakope, khalani pansi ndi makaniko amene munamanga naye galimotoyo, mulembe: mabuleki akutsogolo ndi a galimoto yakuti, mabeyaringi nambala yakuti, fanibeluti utali wakuti, sefa ya oyilo yakuti, mapulagi akuti. Jambulaninso ndi cholembera mmene mawaya anayendera ndi ntchito ya fyuzi iliyonse, chifukwa mawaya a galimoto yolumikiza sali m'buku la kampani iliyonse. Mitundu ya mawayawo munasankha nokha, ndipo pakatha chaka simungaikumbukire yonse.

Kakopeka kakuuzaninso choti munyamule. Chiwalo cha Toyota chimapezeka m'tauni iliyonse, musadzilemetse nacho. Nyamulani zokhazo zimene munachita kuwotcherera kapena kufupikitsa nokha, monga mapaipi a rediyeta ndi chingwe cha kilatchi kapena cha mafuta.

3. Ivutitseni kuno kwathu isanakuvutitseni kunja

Kuzungulira pa boma kapena kupita ku Monkey Bay sikokwanira, chifukwa msewuwo ndi wosalala ndipo galimoto siionetsa khalidwe lake lenileni. Longezani katundu yense amene mudzanyamule, kwezani mnzanu wa paulendo, muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi dzuwa lili paliwombo, mukwere mtunda wa Chowe mpaka ku Namwera. Maso akhale pa geji ya kutentha. Potsika imvani fungo la mabuleki. Tsiku lina kwerani Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, mukafike ku Dedza, mubwerere tsiku lomwelo kuti thupi lanunso lidziwe tanthauzo la maola ambiri pa mpando wouma.

Mukabwerako gonani kunsi kwake. Mangani bawuti iliyonse ya magudumu, injini ndi ekizozi, kenako ikani kadontho ka penti pa bawuti ndi pa chitsulo choyandikana nayo. M'mawa uliwonse paulendo mudzangoyang'ana: madontho akasemphana, bawutiyo yamasuka. Ngati injini inatentha pa Chowe, musadzinamize kuti ku Tete zikhala bwino. Ikani fani yamagetsi kapena rediyeta yaikulu musananyamuke.

Pa maulendo oyesawa dzazani thanki, lembani makilomita, kuti mudziwe mtunda weniweni umene thanki imodzi imakufikitsani. Mageji a mafuta a galimoto zolumikiza sakhala odalirika kawirikawiri.

4. Njira ndi nyengo

Njira ya ku Joni imadzera ku Liwonde, Zalewa, chipata cha Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, kenako msewu wa N1 kudutsa Musina ndi Polokwane. Ndi makilomita oposa 1,800. Basi imathamanga usana ndi usiku, koma inu gawani ulendowo masiku anayi kapena asanu. Galimoto yopanda denga imatopetsa msanga chifukwa cha mphepo, phokoso ndi dzuwa. Pakati pa Masvingo ndi Beitbridge ng'ombe ndi abulu zimalowa mumsewu usiku, ndipo madalaivala a mathiraki saona bwino kagalimoto kofupika chotero. Dzuwa likamalowa mukhale mutafika pogona pampanda.

Ine ndingasankhe May kapena August. Kuyambira November mpaka April ndi mvula, October ku Tete kumatentha koopsa, ndipo June ndi July m'mawa wa ku Harare ndi ku Joni umazizira moti manja amauma pa chiwongolero. Dziwaninso kuti Mangochi ili pamsinkhu wosafika mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere pamene Johannesburg ili pa mamita oposa 1,700. Injini ya kabureta imafooka kumtundako chifukwa mpweya ndi wochepa. Sinawonongeke, musayambe kuimasula.

Ngati uwu ndi ulendo wanu woyamba, ganizirani zoyamba mwatulukira pa Chiponde, pafupi pompa, n'kukagona ku Mandimba kapena ku Cuamba. Mudzaphunzira za pa boda muli pamalo poti abale angakufikireni tsiku lomwelo, ndipo ku Mandimba Chiyao chimamveka.

5. Zonyamula

Malo ndi ochepa. Zolemera ikani pansi ndi pakati, osati kumbuyo kwenikweni. Tayala lapadera lokwanira bwino, jeke yolowa kunsi kwa galimoto yofupika tayala litaphwa, masipanala, waya, mafyuzi, oyilo, madzi a rediyeta ndi akumwa. Matirayango awiri ndi jekete yonyezimira apolisi a ku Mozambique amazifunsa, ku Zimbabwe amafunanso chozimitsira moto ndi zonyezimira zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Chigubu cha petulo chikhale chachitsulo, chomangidwa kutali ndi ekizozi. Musaiwale chipewa, magalasi ndi lona yofundika galimoto usiku.

6. Pa boda

Fikani m'mawa. Mbali ya Malawi dinditsani pasipoti, kenako a MRA akupatseni chikalata chotulutsira galimoto kwa kanthawi. Tsidya linalo mutenga TIP, chilolezo choti galimoto ikhale m'dzikomo masiku owerengeka. Werengani zimene alemba musanachoke pa windo, makamaka manambala ndi dzina la galimoto, zifanane ndi za pa bluu buku. Ku Zimbabwe mulipiranso msonkho wa utsi ndi wogwiritsa ntchito msewu. Lipirani pa windo la boma lokha ndipo tengani lisiti, ngakhale anyamata othandiza akukakamizeni motani.

Anthu adzaunjikana kudzaona galimotoyo, ndipo ena mwa iwo ndi a kasitomu. Ayankheni mwaulemu, atsegulireni boneti, aonetseni manambala musanafunsidwe. Mmodzi wa inu azikhala pa galimoto nthawi zonse, pakuti ilibe zitseko zokiya.

Maiko onsewa amayenda kumanzere ngati ife. M'matauni ndi m'midzi ya ku Mozambique musapitirire 60, apolisi amayeza liwiro.

7. Ndalama ndi tsiku lobwerera

Ndalama zakunja zimavuta kupeza, ndiye yambani kupempha ku banki kudakali miyezi. Mufunika meticais, madola a America ang'onoang'ono okagwiritsa ntchito ku Zimbabwe, ndi marandi olipira pa mageti a N1. Patulani ndalama yoti galimoto ikafa kotheratu muikweze pa lole, ndipo imeneyo musaikhudze ngakhale muone zotchipa ku Joni.

Lembani pachikuto cha kakope kaja tsiku lothera TIP iliyonse ndi masiku amene akupatsani mu pasipoti, chifukwa nthawi zina sizifanana. Konzani zotuluka kutatsala masiku angapo, kuti mukachedwa kudikira chiwalo musagwe m'chindapusa. Potuluka m'dziko lililonse bwezani TIP yawo ndipo onetsetsani kuti adinda, ndipo pa Mwanza perekani chikalata cha MRA chija kuti alembe kuti galimoto yalowanso m'Malawi.