Mukuyamba kumene kadimba? Yambani ndi masamba awa, tomato muyambe mwamusiya

Anthu akabwera kwathu kuno ku Chilomoni n'kuona timatumba tanga ta ndiwo kuseri kwa nyumba, funso limakhala lomwelomwelo, kodi achemwali ifeyo tiyambe ndi chani. Ine yankho langa silisintha, yambani ndi masamba, ndipo mitundu iwiri kapena itatu basi, osati kugula mapaketi teni tsiku limodzi ngati mukutsegula esiteti.

Wosavuta kuposa onse ndi bonongwe, pajatu amamera yekha ngakhale kudzala. Njere zake ndi ting'onoting'ono kwambiri nde muzisakaniza ndi mchenga musanawaze kuti zisagwere pamodzi, kenako kwirirani ndi kadothi pang'ono chabe, mukakwirira kwambiri sizituluka. Sabata isanathe amakhala wamera, pakatha masabata 3 kapena 4 mwayamba kudya. Osazula ayi, muzingotsina nsonga, amaphukiranso nthambi zambiri. Siyani mitengo iwiri ichite maluwa mudzapeze mbewu, simudzagulanso. Koma bonongwe amakonda kutentha, Seputembala, Okutobala mpaka nthawi ya mvula ndiye zake, mukamudzala mu Juni chiperoni chili m'kati amangokhala duu osakula.

Nthawi yozizirayo, kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, ndi ya mpiru, repu ndi chainizi. Awa amafuna nazale kaye koma musaope dzinalo, nazale yanga ine ndi beseni lakale lobooka pansi. Fesani m'timizere, phimbani ndi udzu wouma, zikangomera chotsani udzuwo apo ayi mbande zimatalika ngati ulusi n'kugwa. Pakatha masabata 3 kapena 4, mbande zili ndi masamba anayi kapena asanu, okerani madzulo dzuwa litapepa, pakati pa mbande ndi inzake pakhale masentimita 30, ndiye kuti rula ya mwana wa sukulu ija. Tsiku lotsatira zimaoneka zofota ngati zafa, musataye mtima, thirirani zidzuka. Pothyola muziyamba masamba apansi n'kusiya apakati. Mwa atatuwa ine ndimakonda repu chifukwa mtengo umodzi umakudyetsa miyezi ingapo, pomwe mpiru ndi chainizi kukangoyamba kutentha amathamangira maluwa. Mbewu imapezeka m'mashopu a zaulimi ku Limbe ndi mtauni, koma onani deti pa paketi, mbewu yogonera imachita manyazi kumera.

Kholowa ndiye waulere, pemphani kwa aneba, dulani tizidutswa ta masentimita 30, kwirirani theka m'dothi, basi. Nkhwani nawo suvuta, nthanga ziwiri kapena zitatu paphando, kungoti umayanga kwambiri nde ngati malo ndi ochepa ulozereni kumpanda.

Tsopano za malo, poti ambirife tili pa lendi ndipo alandilodi ena safuna kuona khasu pabwalo pawo. Thumba la makilogalamu 50 lija, la feteleza kapena la chimanga, ndi munda wokwanira. Boolani timabowo pansi kuti madzi azituluka, sakanizani ndowa ziwiri za dothi ndi imodzi ya manyowa, pindani kukamwa kwa thumba kuti liime bwino, pamwamba dzalani mbande zitatu kapena zinayi, ndipo m'mbali mukhoza kung'amba pang'ono n'kulowetsamo zina. Manyowawo akhale oola bwinobwino, zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande, ndinaziona ndekha bedi lonse kupsa masiku awiri. Ikani matumba pomwe dzuwa limafika maola osachepera 6, osati pansi pa mango. Amene muli ndi malo koma otsetsereka ngati ku Ndirande, Bangwe kapena Soche, mabedi apingase phiri, mukawalozetsa kumunsi mvula yoyamba ya Novembala idzakokolola dothi lonse ndi manyowa omwe kupita kwa aneba.

Madzi ndi amene amagwetsa ambiri ulesi chifukwa bilu simasewera. Ine ndimasunga m'chigubu madzi otsukira mpunga, mbatata ndi masamba, amakwanira matumba angapo. A sopo wa ufa kapena a bulichi ayi. Thirirani m'mamawa kapena madzulo, ndipo yalani udzu wouma pamwamba pa dothi kuti chinyontho chisathawe msanga, makamaka mu Okutobala. Musanathire pisani chala m'dothi, ngati muli chinyezi dikirani, madzi akachuluka mizu imaola.

Adani ndi awiri. Nsabwe zotuwa zija zimabisala kunsi kwa masamba a repu ndi mpiru, nde muzitembenuza masamba kawiri pa sabata, mukaziona zikadali zochepa zifikiseni ndi zala kapena wazani madzi osungunuliramo kasopo ka mtanda pang'ono, ena amasinja masamba a nimu n'kuwaviika usiku wonse. Mdani wachiwiri ndi nkhuku za aneba, izi zilibe mankhwala koma kampanda, kaya ka matumba kaya ka nsungwi, mungadane ndi anthu chifukwa cha chainizi.

Nanga tomato uja? Ndinayamba naye ine, mitengo 20, ndikuwerengera kale mabeseni. Amafuna timitengo tomangira, kuthena, kupopera mankhwala, kukachita chinyezi chiwawu chimamugwira, kukatentha akangaude ofiira, osanenanso kambozi kaja ka Tuta absoluta kolowa m'kati mwa tsamba ndi chipatso. Ndinakolola mbale imodzi. Mpaka lero tomato ndimagula kwa amayi a ku Bvumbwe, pakhomo pano pali repu, bonongwe ndi kholowa basi.