Mmene mungafufuzire satifiketi ya imfa ndi zolemba zina za makolo anu

Ambiri amayamba kufuna satifiketi ya imfa zinthu zitavuta kale: pabuka mkangano wa munda, ndalama za malemu zakanirira ku ofesi, kapena mdzukulu wobadwira ku Joni akufunsidwa umboni woti agogo ake anali Mmalawi. Ena amangofuna kudziwa kuti kholo lawo linamwalira liti ndipo linagona kuti. Onsewa njira yawo ndi imodzi, koma musanawononge ndalama ya minibasi dziwani ichi: kulembetsa imfa kunakhala kokakamiza kwa aliyense m'dziko muno mu Ogasiti 2015, pamene lamulo la National Registration Act la 2010 linayamba kugwira ntchito. Lamulo lakale la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye, pomwe munthu wakuda ankalembetsa akafuna yekha, ndipo ofuna anali ochepa.

Ndiye ngati agogo anu anamwalirira kumudzi cha m'ma 1970, n'kutheka kwambiri kuti satifiketi yawo sinalembedwepo n'komwe. Musagwe nazo mphwayi. Imfa yawo inalembedwa kwina, mwina kutchalitchi, kuchipatala, kuntchito kapena m'kope la zopepesa, ndipo kufufuza kwabwino kumayambira kumeneko. Ku ofesi ya boma mupiteko mutadziwa kale chomwe mukukafunsa.

Choyamba: khalani pansi ndi akuluakulu

Pitani kwa azakhali, amalume kapena agogo amene atsala, ndipo aliyense mucheze naye payekha. Mukawasonkhanitsa pamodzi, wamng'ono amangovomereza zomwe wamkulu wanena ngakhale akukumbukira zosiyana. Pemphani chilolezo chojambula mawu pafoni.

Funso loyamba likhale la mayina, ndipo apa musathamange. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, dzina la kuchinamwali, dzina la ubatizo, ndi lina lomwe analembetsa kuntchito. Bambo amene pamudzi ankadziwika ndi mfunda wokha, a Phiri kapena a Mbewe, ku mgodi akhoza kukhala kuti analembedwa dzina loyamba la abambo ake ngati dzina la banja. Amayi ambiri ankaitanidwa kuti Nabanda, Nangozo kapena make Uje moyo wawo wonse, moti adzukulu sadziwa dzina lomwe lili m'buku la mpingo. Lembani mayina onsewo, mudzi wobadwira, mfumu yaikulu ya deralo, mpingo umene ankapemphera ndi malo amene anagwirako ntchito.

Chaka musachifunse mwachindunji, chifukwa mudzangoyankhidwa kuti ndi kale. Funsani kuti imfayo inachitika chiyani chitachitika. Kodi inali njala ya 1949 isanafike? Kodi Kamuzu anali atabwera, mu 1958, kapena anali kundende ya Gweru, pakati pa 1959 ndi 1960? Kodi ndalama zinali zikadali mapaundi, poti kwacha inayamba mu 1971? Anthu a ku Zomba amawerengera pa Napolo wa 1946, a ku Phalombe pa wa 1991, a m'mbali mwa nyanja kumpoto pa kumira kwa sitima ya Vipya mu Julayi 1946. Funsaninso nyengo: chimanga chinali m'munda kapena m'nkhokwe? Ndani anali woyembekezera, ndani anali wakhanda? Mwana amene anali kumsana pamaliropo, lero ali ndi chiphaso cha unzika chokhala ndi chaka chake chobadwa, ndipo chimenecho chikhoza kukupatsani chaka cha imfa.

Musanatsanzike, pemphani kuona sutikesi kapena thiranki ya malemu. M'menemo mumapezeka khadi la ubatizo, ziphaso za msonkho, buku la kuchipatala, makalata ochokera kunja okhala ndi chidindo cha positi, pepala la mbiri ya malemu lomwe linawerengedwa pamaliro, ndi kope lomwe analembamo zopepesa. Kope limeneli anthu amalinyoza, koma nthawi zambiri pamwamba pa tsamba loyamba pamakhala tsiku la maliro, ndipo pansi pake pali mayina a abale ndi midzi imene anachokera. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, mapepalawo muwasiye kwa eni ake.

Chachiwiri: kwa amfumu ndi kumanda

Kumanda sikupitidwa mwachisawawa. Kapempheni kwa amfumu, ndipo iwo adzakupatsani munthu wokuperekezani, kawirikawiri mmodzi wa adzukulu okumba manda, amene amadziwa kuti mtumbira uwu ndi wa yani ngakhale palibe mtanda. M'madera a gule wamkulu mwambo umenewu ndi wokhwima, muutsatire ndithu. Funsaninso ngati mudziwo uli ndi kaundula, poti mafumu ena amalemba obadwa ndi omwalira.

Zolembedwa pa chiliza muzilembe momwe zilili, koma musazitenge ngati mapeto a nkhani. Ziliza zambiri zimamangidwa patapita zaka, ana atapeza ndalama, ndipo chaka chobadwa chimangoyerekezedwa. Tsiku lomwalira limakhala lodalirika kuposa lobadwa.

Chachitatu: mabuku a mpingo

Kwa imfa za m'mbuyo mwa 2015, ine ndimaika mabuku a mpingo patsogolo pa china chilichonse. Amishoni anayamba kulemba mayina a anthu akuda kalekale boma lisanaganizeko: Livingstonia kuyambira 1875, Blantyre 1876, Anglican ku Likoma 1885, a Dutch Reformed ku Mvera 1889, PIM ya John Chilembwe ku Mbombwe 1900, Akatolika ku Nzama 1901 ndi ku Mua 1902, a Seventh-day Adventist ku Malamulo 1902.

Ku Katolika pemphani kwa bambo mfumu kapena mlembi wa parishi kuti akuonereni m'buku la ubatizo ndi la omwalira. Buku la ubatizo limatchula makolo a munthu ndi mudzi wawo, ndipo m'mphepete mwake amawonjezeramo za ulimbitso ndi ukwati. Ku CCAP onanani ndi mlembi wa mpingo kapena abusa, mufunse buku la mayina a Akhristu, momwe amalemba kuti uyu anasamuka, uyu anamwalira. Ngati malemu anali mayi wa Mvano, Chigwirizano kapena Umanyano, amayiwo amakhalanso ndi makope awo.

Pamene ambiri amasokonezekera ndi apa: tchalitchi chomwe chili pafupi ndi mudzi wanu lero mwina chinali nthambi chabe m'masiku a agogo. Mabuku akale anatsala ku parishi kapena mpingo umene unabereka chanucho. Mukauzidwa kuti mabuku athu amayambira chaka chakuti, funsani kuti chisanafike chaka chimenecho anthu a kuno ankabatizidwira kuti, ndipo mulondole komweko. Ngati munthu anasamuka, kalata yosamukira imasonyeza mpingo umene anapita.

Kwa abale athu achisilamu, maliro amaikidwa msanga ndipo zolemba za mtundu umenewu n'zosowa. Yambirani kwa shehe wa pa mzikiti ndi akuluakulu amene anasambitsa ndi kuika malirowo.

Chachinayi: ofesi za boma

Satifiketi ya imfa masiku ano imatuluka ku National Registration Bureau, bungwe lomwe linatilembetsa ziphaso za unzika mu 2017. Lili ndi ofesi m'boma lililonse, kwa DC. Munthu akamwalirira kuchipatala, achipatala amadzaza fomu yonena za imfayo ndi chomwe chamupha. Akamwalirira pakhomo, amfumu ndi amene amachitira umboni. Ngati inali ngozi kapena imfa yokayikitsa, pamafunikanso lipoti la apolisi. Tengani chiphaso chanu cha unzika, cha malemu ngati anali nacho, ndi pepala lililonse lotchula tsiku ndi malo a imfayo. Pitani ku boma limene imfa inachitikira. Ngati sinalembetsedwe pa nthawi yake, fotokozani kuti mukufuna kulembetsa mochedwa, ndipo kalata ya amfumu ndi ya kumpingo zidzakuthandizani. Mukalipira chilichonse, landirani lisiti ya boma. Satifiketi ikatuluka, iwerengeni musanachoke pa kauntala, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika pa dzina chimadzavutitsa kubanki ndi kukhoti.

Imfa zakale zomwe zinalembetsedwa zinkapita kwa Registrar General ku Blantyre. Amene ankalembetsa kawirikawiri anali ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani, eni nyumba m'tauni, ndi aliyense amene anasiya ndalama kubanki kapena ku inshuwalansi, poti popanda pepala chumacho sichikanatuluka. Ngati kholo lanu linali mphunzitsi, wapolisi, kalaliki kapena wa ku njanji, mwayi ulipo. Funsaninso za fayilo ya chuma cha masiye kwa DC kapena kwa Administrator General. Fayilo imeneyi ikapezeka imaposa satifiketi, chifukwa imatchula mkazi kapena akazi a malemu, ana onse, ndi amene analandira gawo. Konzekerani mtima, poti nthawi zina mumapezamo mayina a ana omwe banja silinawatchulepo.

Zipatala zimasunga kaundula wa odwala ogonekedwa ndi wa kunyumba ya chisoni, koma sizipereka kwa aliyense. Mudzafunika kulemba kalata ndi kusonyeza ubale wanu, komanso kudziwa mwezi ndi chaka.

Chachisanu: ku Zomba

National Archives of Malawi ili ku Zomba ndipo inayamba mu 1947. Kumeneko kuli mafayilo a maboma, milandu ya m'makhoti, malipoti ofufuza imfa zadzidzidzi, mapepala ena a mamishoni, ndi nyuzipepala zakale monga Nyasaland Times, Msimbi ndi Malawi News. Zolemba zambiri za boma za m'mbuyo mwa 1919 zinapsa pa moto umene unagwira likulu la boma ku Zomba chaka chimenecho. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale.

Mafayilo sanasanjidwe potsata mayina a anthu wamba, choncho pitani ndi boma, mfumu ndi zaka. Ndipo maboma muwafunse ndi mayina a nthawi imeneyo: Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Chitipa ndi Fort Hill, Thyolo ndi Cholo, Nkhotakota ndi Kota Kota, Mulanje ndi Mlanje. Dzina la munthu nalonso liyeseni ndi l komanso r, ndi h komanso popanda h, chifukwa akalaliki ankalemba momwe amvera.

Chachisanu ndi chimodzi: amene anafera kunja

Mabanja ambiri ali ndi wina amene anapita ku Joni, ku Halale kapena ku migodi ya kopa ku Zambia osabwerako. Imfa yotere inalembedwa m'dziko lomwe anamwalira, ndipo satifiketi yake ikafunsidwe komweko: ku Home Affairs ku South Africa, kapena ku ofesi yolembetsa obadwa ndi omwalira ku Zimbabwe ndi ku Zambia. Kumenekonso mayina a malo anasintha. Salisbury ndi Harare, Wankie ndi Hwange, Broken Hill ndi Kabwe, Fort Jameson ndi Chipata.

Amene anapita pa Wenela, kampani yolemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa yomwe pambuyo pake inatchedwa TEBA, ankalembedwa ndi nambala ndi chidindo cha chala, ndipo kampani ya TEBA ikadalipo ku South Africa ndi kaundula wa ogwira ntchito m'migodi. Nambala imeneyo ndi imene imatsegula fayilo, choncho ifufuzeni pa pepala lililonse la mgwirizano wa ntchito kapena lotumizira ndalama lomwe latsala m'sutikesi. Ngati banja limanena kuti anafa pa ngozi yaikulu, kumbukirani ziwiri izi: kuphulika kwa mgodi wa malasha wa Wankie pa 6 Juni 1972, komwe anthu oposa 400 anafa, Amalawi ali momwemo, ndi kugwa kwa ndege ya Wenela ku Francistown pa 4 Epulo 1974, komwe kunapha Amalawi oposa 70 akubwerera kwawo. Ngozi ya ndegeyi ndi imene inachititsa Kamuzu kuimitsa kulemba anthu a ku migodi mpaka 1977.

Za asilikali a King's African Rifles (KAR), yambirani pa intaneti. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission lili ndi mndandanda waulere wa amene anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, kuphatikiza amene anagona ku East Africa ndi ku Burma, ndipo umasonyeza nambala ya msilikali, tsiku lomwalira ndi manda kapena chipilala chomwe pali dzina lake. Chipilala cha KAR ku Zomba chilinso ndi mayina. Chomvetsa chisoni n'chakuti amtengatenga, onyamula katundu wa asilikali, omwe anafa ambirimbiri ndi matenda ndi njala pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ochuluka sanalembedwe mayina, ndipo bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza zimenezi mu 2021.

Zolemba zikatsutsana

Zidzatsutsana ndithu. Chiliza chidzati 1983, azakhali adzati chaka cha chilala cha 1980, buku la mpingo lidzati 1981. Khulupirirani kwambiri chomwe chinalembedwa pafupi ndi tsiku la imfa, ndi munthu amene analipo: kaundula wa kuchipatala, buku la omwalira la mpingo, kope la zopepesa. Satifiketi yolembetsa mochedwa ili ndi mphamvu pamaso pa lamulo, koma tsiku lomwe lili pamenepo linachokera m'mutu mwa wachibale amene anakalembetsa, ndiye liyerekezeni ndi zinazo.

Gulani kope lachikuto cholimba, munthu aliyense mum'patse tsamba lake, ndipo pambali pa mfundo iliyonse lembani amene anakuuzani kapena buku ndi tsamba lomwe mwaiona, ndi tsiku lomwe munapitako. Zaka zotsutsanazo zilembeni zonse, osafufuta. Zithunzi za pafoni zitumizeni kwa abale awiri kapena atatu okhala malo osiyana, ndipo zofunika kwambiri muzisindikize pa pepala.