Chitsime chanu mudachiyendera liti? Tichione mvula isanagwe

Abale anga a kuno ku Mangochi, lero ndikufuna tikambirane za chitsime cha pakhomo, chija mudakumbitsa nokha kuseri kwa nyumba, kapena dilawo yomwe mudaboola ndi ndalama zanu. Mjigo wa m'mudzi uli ndi komiti yoti iziwuona, madzi a Water Board ali ndi eni ake owayeza, koma chitsime chanu palibe amene adzabwere kudzachiona ngati inu simuchiona. Ndiye ambiri ndikawafunsa amangoti aaa alangizi madzi athu ndi oyera mbee, onani nokha. Inde ndi oyera, koma tizilombo ta kolera ndi totsegula m'mimba sitioneka ndi maso, madzi atha kukhala oyera ngati galasi koma muli zoipa za m'chimbudzi cha aneba. Tonse tikukumbukira 2022 ndi 2023 mmene kolera idativutira, boma lathu lino lidali limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa kwambiri.

Nthawi yabwino yochiyendera ndi kawiri pachaka, mu Okutobala kukutentha madzi atatsika, kenako mvula ikangotha cha mu Epulo. Komanso nthawi iliyonse madzi osefukira akadutsa pakhomo.

Musayambe ndi kusuzumira m'chitsime ayi, yambani ndi kuyenda. Imani pa chitsime muwerenge masitepe mpaka pa chimbudzi choyandikira, chanu kapena cha aneba zilibe kanthu. Pakufunika mamita osachepera 30, ndiye kuti masitepe akuluakulu a munthu wamkulu ngati 35 kapena 40, ndipo chimbudzicho chikhale kumunsi osati kumtunda kwa chitsime. Apa ndi pomwe ife a m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire timagwera, chifukwa kwathu kuno ndi mchenga, madzi ali pafupi, ukangokumba pang'ono wawapeza, ndiye timasangalala kuti chitsime sichidadye ndalama koma tikuiwala kuti dzenje la chimbudzi nalonso lafika pa madzi omwewo ndipo mchenga sutchinga kanthu, nthawi ya dzinja zonse zimangosakanikirana pansipo. Kumtunda monga ku Namwera zitsime zimapita pansi ndithu koma nakonso lamulo ndi lomwelo. Werenganinso masitepe mpaka pa khola la mbuzi, pa dzala, pa bafa, ndi potsukira nsomba kwa inu a usipa. Ngati chimbudzi chili pa masitepe 10 musadzinamize ndi mankhwala othira m'madzi aja a Water Guard okha, chimodzi mwa ziwirizi chisamuke, ndipo chosavuta kusamutsa ndi chimbudzi.

Mukatero bwererani muone pakamwa pa chitsime. Khoma likhale lokwera kufika cha m'mawondo kuti madzi othamanga asalowe, komanso ana ndi ziweto asagweremo. Simenti yozungulira ija igwadireni muione bwinobwino, mng'alu ngakhale waung'ono woti mungolowa kamtengo ka machesi ndi msewu wa madzi akuda, thirani ndowa imodzi pa simentipo muone komwe madzi akupita, ngati akutsetserekera mu ngalande zili bwino koma ngati akuima kapena akulowa m'mphepete mwa khoma ndiye kuti mukumwa madzi omwe amayi atsukira mapazi. Thumba limodzi la simenti limakonza zimenezi. Ngalande ithere mu dzenje lothiramo miyala osati chithaphwi choti abakha azisambamo ndi udzudzu kuswanamo. Chivindikiro chikhalepo, chotsekeka, osati lata lakutha lotsamiritsa ndi mwala.

Ndipo nkhani ya chingwe ndi ndowa iyi ndimayikamba mpaka anthu kutopa nane. Chitsime chabwino timachiononga tokha ndi chigubu chodula chomwe chimagona pansi pomwe nkhuku zikuyenda, chingwe chili m'matope, kenako zonsezo n'kuziponya m'madzi. Chotungira chikhale chimodzi basi, chokoleka pa mtengo, aneba akabwera kudzatunga agwiritse chomwecho asabwere ndi chawo.

Tsopano mphamvu ya chitsime. Tengani chingwe mumange kamwala kunsonga, mupange mfundo pa mita iliyonse, muyeze m'mawa anthu asanatunge kuti madzi akuyambira pati ndipo pansi penipeni pali pati. Lembani mu kope ndi tsiku lake. Chaka chamawa mwezi womwewo mukayezanso mudzadziwa ngati madzi akutsika kapena ngati mchenga ukudzaza pansi, chifukwa zitsime zambiri zomwe timati zaphwa sizidaphwe, zangokwiririka ndi mchenga wogumuka m'makoma. Koma chonde, zolowa m'chitsime kukachotsa mchenga si za ana kapena za munthu mmodzi. Pansi pamatha kukhala mpweya woipa, tsitsani kaye nyali kapena kandulo yoyaka, ikazima musalowe, wolowayo amangidwe chingwe ndipo pamwamba pakhale anthu awiri. Injini ya petulo yopopera madzi musaitsitsire mkati, utsi wake umapha.

Kwa inu a mjigo wa Afridev, womwe uli ponseponse kunowu, mayeso ake ndi awiri osafuna sipanala. Pukusani mpaka madzi atuluke, musiye mphindi 30, muyambirenso mukuwerenga. Ngati mwapukusa kopitirira kasanu madzi asanatuluke ndiye kuti penapake pakudontha, kawirikawiri ndi valavu ya pansi kapena paipi yang'ambika. Achiwiri, ikani ndowa ya malita 20 mupukuse ka 40 mokwanira mu mphindi imodzi, madzi afike malita ngati 15. Akachepa kwambiri ndiye kuti rabala ija amati U-seal yatha, kanthu kotchipa koma anthu amadikira mpaka mjigo ufe. Handulo ikamagwedera uku ndi uku kapena kulira ndi mabushi amenewo, sinthani msanga asanadye zitsulo. Amakaniki a mijigo alipo m'madera mwathu, funsani ku ofesi ya zamadzi pa boma akuuzani wa kufupi ndi kwanu. A pampu ya sola inu werengani nthawi yomwe thanki imadzadzira dzuwa lili bwino, ikayamba kuchedwa pukutani kaye fumbi pa mapanelo musanathamangire kuti pampu yafa.

Za madzi enieniwo, maso, mphuno ndi lilime zimathandiza pang'ono. Madzi akamachita mbuu mvula ikangogwa ndi chizindikiro choti a pamtunda akulowa, chimenechi ndi choopsa kuposa zonse. Ofiiritsa zovala ndi ndowa ndi ayironi kapena dzimbiri la mapaipi, amanyansa koma si amene amadwalitsa kwenikweni. Amchere mumawamva nokha, sopo satulutsa thovu. Koma pali zina zosamveka kukamwa, monga fluoride yemwe akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amadetsa mano a ana kukhala a bulauni, ndi nitrate wochokera ku zimbudzi ndi feteleza yemwe ndi woopsa kwa makanda. Izi kuwiritsa sikuchotsa, klorini sachotsanso. Ndiye chitsime chatsopano chiyezedwe ku labotale musanayambe kumwa, ndipo za tizilombo kamodzi pachaka, muyezo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi woti mu mamililita 100 musapezeke kachilombo ka m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi. Osatengera madzi mu botolo la Sobo n'kumati ndikukayezetsa, pamafunika botolo lawo lophedwa tizilombo, lisungidwe pozizira ndipo lifike tsiku lomwelo, yambani mwalankhula ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzeni njira yake.

Ngati chitsime chidamira ndi madzi osefukira ngati mmene zidachitikira malo ambiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kapena mwagwera khoswe kaya chule n'kuferamo, musamwe. Kapani madzi onse, kwechani makoma, a zaumoyo akuyezereni klorini wokwanira malinga ndi kuchuluka kwa madzi, agone usiku wonse osatunga, m'mawa mukapenso mpaka fungo lichepe. Osangothira klorini wa ufa uja wa HTH ndi dzanja mongoganizira. Ndipo ngakhale zonsezi zitakhala bwino, madzi akumwa a chitsime chotungira ndi chingwe azithiridwabe Water Guard, kachivindikiro kamodzi mu ndowa ya malita 20, dikirani mphindi 30, ndowayo ikhale yovindikira ndipo kapu yotungira isakhale yomweyo yomwera.