Kujambula Zomba kuchokera mumlengalenga kuti zithunzi zanu zilandiridwe ngati luso

Nadar, wojambula zithunzi wa ku France, anajambula chithunzi ali m'chibaluni kalekale m'chaka cha 1858, komabe mpaka lero anthu ambiri amati chithunzi cha mumlengalenga ndi ntchito ya makina, yongoyenera opanga mapu ndi otsatsa malo ogona alendo. Wojambula wa kuno ku Zomba ayenera kuonetsa kuti droni, kandege kakang'ono kouluka popanda munthu m'kati, inangonyamula kamera, koma wosankha choti chioneke anali iye mwini.

Musanaulutse droni, pezani chilolezo kwa akuluakulu oona za maulendo a pandege, ndipo musayandikire Cobbe Barracks, nyumba ya boma, ndende kapena bwalo la ndege la asilikali. Mukapita kumudzi, kaonekereni kaye kwa amfumu ndi kufotokoza cholinga chanu.

Kenaka sankhani nkhani imodzi n'kukakamira pomwepo. Damu la Mulunguzi ndi Emperor's View, malo oonerapo patali paphiri la Zomba, n'zokongola ndithu, koma aliyense wokhala ndi droni amathamangira komweko. Ine ndingakulangizeni nyanja ya Chilwa, imene inaphwa m'chaka cha 1995 n'kudzaphweranso kwambiri mu 2018, chifukwa maonekedwe ake amasintha nyengo ndi nyengo. Pitani padoko la Kachulu m'dzinja madzi atadzaza, mudzabwererenso m'chilimwe pamalo omwewo, droni itakwera m'mwamba mofanana ndi poyamba. Lozetsani kamera pansi penipeni kuti thambo lisaoneke, ndipo mudzaona ming'alu ya matope ouma, mabwato atagona chammbali, ndi tinjira ta asodzi tolondola madzi amene akuthawa. Zithunzi zingapo zolankhula nkhani imodzi zimasonyeza kuti wojambula anaganiza, ndipo zimenezi ndi zomwe okonza zionetsero amafuna.

Jambulani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamene zithunzithunzi za anthu ndi mitengo zatalika, pakuti dzuwa la paliwombo limafafaniza zonsezi. Sungani zithunzi mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yajambula, kuti mudzathe kukonza kuwala popanda kuziwononga. M'miyezi ya June ndi July, chifunga cha chiperoni chimaphimba phiri mwadzidzidzi ndipo mphepo imatha batire msanga, choncho musaulutse droni patali.

Pomaliza pake, chithunzi chichoke m'foni. Chisindikizeni papepala labwino la saizi ya A2, musainire m'munsi, mulembe malo ndi chaka, ndiponso munene kuti mwasindikiza makope angati, chifukwa wogula luso amafuna kudziwa kuti chimene wagulacho sichipezeka paliponse. Pa Facebook ikani kope laling'ono lokha, ndipo za umwini wa ntchito yanu kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso m'Malawi. Mukakonza zithunzi khumi zogwirizana, lembani ndime imodzi yofotokoza chifukwa chimene munazijambulira, n'kupita nazo kwa aphunzitsi a zaluso ku University of Malawi kapena kwa eni malo ochitira zionetsero kukapempha khoma loti muzipachikepo.