Kaphunzitsidwe ka Achinyamata pa Nkhani Yogonana Modziteteza ku Chipatala

Wachinyamata amene wafika pachipatala kudzafunsa za kondomu kapena njira zolera amakhala atalimbana kale ndi manyazi aakulu, choncho ntchito yoyamba ya namwino kapena mlangizi ndi kumutsimikizira kuti zimene akambirane sizituluka m'chipindamo. Tsekani chitseko, ndipo musamufunse kuti ndi mwana wa yani, chifukwa m'madera athu azachipatala ambiri amapemphera mpingo umodzi ndi makolo a anawo, ndipo mantha oti nkhani ikafika kunyumba ndiwo amathawitsa ambiri.

Mukatero, yambani ndi kufunsa zimene iye akudziwa kale. Mudzamva zoti mtsikana satenga mimba akagonana koyamba, kapena zoti switi sadyera m'pepala. Musaseke kapena kukalipa, koma konzani maganizo olakwikawo modekha, pakuti amene wadzudzulidwa sabweranso.

Kondomu isafotokozedwe ndi pakamwa pokha. Tengani chidole chophunzitsira, muonetse mmene angaonere tsiku lothera mphamvu papaketi, kung'amba paketiyo ndi zala osati mano, kufinya kansonga kuti mpweya utuluke, kuivala chida chitatota asanakhudzane, ndi kuigwira kutsinde potuluka. Kenako mupatseni kondomu ina kuti ayese yekha inu mukuona, chifukwa apa ndi pamene zolakwika zimaonekera. Mukumbutseni kuti mafuta odzola monga Vaseline amafoola mpirawo, komanso kuti kuvala makondomu awiri nthawi imodzi kumachititsa kuti ang'ambike.

Atsikana ambiri amakonda jakisoni wa miyezi itatu poti sadziwika kwa anthu, koma auzidwe momveka bwino kuti jakisoni ndi mapiritsi zimaletsa mimba yokha, siziteteza ku HIV, chindoko kapena chinzonono. Anyamata odulidwa nawo amve kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo chotenga HIV ndi pafupifupi 60 peresenti basi.

Asanatuluke, adziwe chochita kondomu ikang'ambika kapena akagwiriridwa. Mankhwala a PEP, omwe amathandiza kuti munthu asatenge HIV zoterezi zikachitika, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28, pamene mapiritsi olera pangozi amagwira bwino ntchito akamwedwa msanga. Muuzeninso kuti m'Malawi muno amene wakwanitsa zaka 13 akhoza kuyezetsa magazi popanda chilolezo cha makolo, ndipo mupatseni makondomu atakulungidwa m'pepala kuti asachite nawo manyazi panjira.